Kubiriwiritsa madzi a m'damu la nsomba: zoyenera kuona ndi zoyenera kuchita

Makumba ndi chambo zimene mwaika m'damu sizikulira madeya okha. Chakudya china chambiri chimamera m'madzi momwemo. Ndi tizomera tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amatitcha phytoplankton, ndipo ndi timene timapatsa madzi mtundu wobiriwira uja. Timatenga kuwala kwa dzuwa, mpweya wa kaboni dayokisaidi ndi michere yosungunuka m'madzi n'kupanga chakudya, ndipo potero timatulutsa okosijeni amene nsomba zimapuma. Makumba amasefa tizomerati n'kudya. Tizilombo ta m'madzi natonso timadya tomweti, kenako tizilomboto n'kudyedwa ndi tiana ta nsomba. Padziko lonse lapansi, pafupifupi theka la chakudya chimene zomera zimapanga kuchokera ku dzuwa chimapangidwa ndi tizomera totere ta m'nyanja, osati mitengo ndi udzu wa pamtunda.

Choncho mlimi wa nsomba amene sadziwa kuwerenga madzi ake amagula madeya ambiri kuposa mmene akanagulira, kapena amadzuka tsiku lina n'kupeza nsomba zitayandama chagada. Zimene zimalamulira tizomerati ndi zinthu zochepa: kuwala, kutentha, michere, matope ndi kayendedwe ka madzi. Tiyeni tizitenge motsatana, kuyambira pamene damu lilibe nsomba.

Poyamba: perekani dzuwa ku damu

Imani pakhoma la damu cha m'ma 8 koloko m'mawa, mubwerenso masana, kenako cha m'ma 4 madzulo. Onani pamene mthunzi ukugwera. Damu lofuna kubiriwira liyenera kuombedwa ndi dzuwa pafupifupi tsiku lonse. Mtengo wa mango kapena bulugamu umene uli kum'mawa kapena kumadzulo kwa damu umaba maola ambiri a kuwala, ndipo masamba ake akagwera m'madzi amawola n'kudya okosijeni. Sadzani nthambi zoyang'ana ku madzi. Nthochi zimene ambiri timabzala m'mbali mwa damu n'zabwino, koma zikhale patali pang'ono, kunsi kwa khoma, zisawerame pamwamba pa madzi.

Chotsaninso zomera zoyandama. Namasupuni, kakombo ndi tiudzu tina timene timayala pamwamba pa madzi zimatseka kuwala ndipo zimayamwa michere imene mukanafuna kuti ipite kwa tizomera tathu. Aliyense amene anaona namasupuni atatseka mtsinje wa Shire kufupi ndi Liwonde akudziwa mmene amafalira msanga. Muzuleni yense, mumuunjike pamtunda awole, adzakhale manyowa.

Kuya kwa damu kuli ndi mbali yake. Kumbali yosaya madzi afike masentimita 50 kapena 60, kumbali yakuya afike mita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Posaya kwambiri kuwala kumafika pansi, ndiye udzu ndi ndere zazingwe zimamera n'kulanda malo.

Chachiwiri: tsekani paipi

Pali alimi ambiri, makamaka kumene madzi a m'mapiri sasowa monga ku Zomba, Mulanje ndi Thyolo, amene amasiya madzi akulowa ndi kutuluka usana ndi usiku poganiza kuti nsomba zimafuna madzi atsopano nthawi zonse. Damu lotero silingabiriwire. Manyowa amene mwathira lero mawa ali kudimba la mnzanu wakumunsi, pamodzi ndi tizomera timene tinayamba kuswana. Komanso madzi a m'phiri ndi ozizira, amabweza kukula kwa nsomba.

Dzazani damu, tsekani polowera ndi potulukira. Muziwonjezera madzi pokhapokha achepa chifukwa cha dzuwa kapena kulowa pansi, kapena pakagwa vuto limene tikambe kutsogoloku. Ngati damu likuchucha moti tsiku lililonse mukuwonjezera madzi ambiri, konzani kaye kuchuchako ndi dothi la makande, chifukwa kuthira manyowa m'damu lochucha n'kutaya chabe.

Chachitatu: siyanitsani matope ndi chakudya

Madzi osaonekera pansi sikuti onse ndi abwino. Ena ndi obiriwira ndi tizomera, ena ndi ofiira kapena otuwa ndi dothi. Dothi loyandama limatseka kuwala, ndiponso limagwira fosiforasi, umodzi mwa michere imene tizomera timafuna, n'kupita naye pansi. Mutha kuthira manyowa mwezi wathunthu m'madzi a katondo osaona kusintha.

Tungani madzi a m'damu m'botolo loyera la pulasitiki, muliike pamthunzi tsiku lathunthu osaligwedeza. Mukapeza matope atadikha pansi ndipo madzi a pamwamba ayera, ndiye kuti pali chimene chikuvundula damu: milamba imene ikufukula pansi, ng'ombe zimene zikumwera momwemo, ana osambira, kapena madzi a mvula ochokera kumunda. Vuto limenelo limatha mukachotsa chovundulacho. Kumbani ngalande kumtunda kwa damu kuti madzi othamanga azilambalala, bzalani udzu wa vetiva kapena kapinga pamakoma, ndipo ng'ombe zimwere kwina. Koma mukapeza madzi akadali ofiira ngakhale patapita tsiku, ndiye kuti ndi dothi losalala kwambiri limene silidikha lokha. Pamenepo pamafunika laimu, kapena udzu wouma ndi manyowa oikidwa m'kona kuti ziwole pang'onopang'ono. Kuwolako kumathandiza dothi kugwirana n'kumira.

Chachinayi: laimu, ngati dothi likufuna

Madamu ambiri amakumbidwa m'madambo, ndipo dothi la m'madambo ena ndi la asidi. M'madzi a asidi fosiforasi amamatirira ku matope, tizomera osamupeza. Madzi otero amakhalanso ndi kaboni wochepa woti tizomera tigwiritse ntchito masana. Chizindikiro chake n'chakuti mwathira manyowa okwanira, dzuwa lilipo, paipi njotseka, koma madzi akungokhala mbee, kapena ofiirira moonekera pansi.

Laimu wa ulimi amawazidwa pansi pa damu lopanda madzi, magalamu 100 mpaka 200 pa sikweya mita iliyonse, malinga ndi kuchuluka kwa asidi. Damu la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali lili ndi masikweya mita 200, choncho lingafune makilogalamu 20 mpaka 40. Ngati mlangizi wa za nsomba wa m'dera lanu ali ndi timapepala toyezera pH, muyezo wa asidi m'madzi, mupempheni ayeze m'mawa. Madzi abwino amakhala pakati pa 6.5 ndi 9. Phulusa la nkhuni limathandizanso pamene laimu palibe, ngakhale limafunika lochulukirapo.

Chenjezo limodzi: njereza yopakira nyumba si yofanana ndi laimu wa ulimi. Njereza ndi yaukali, imapha nsomba. Ngati ndi imene muli nayo, ithireni m'damu lopanda nsomba basi, mudikire masabata awiri mutadzaza madzi musanaike mbewu ya nsomba. Musathirenso laimu tsiku limodzi ndi feteleza wokhala ndi fosiforasi, chifukwa ziwirizi zimagwirana n'kumira. Siyanitsani ndi sabata imodzi kapena awiri.

Chachisanu: manyowa

Michere iwiri imene tizomera timasowa kawirikawiri ndi nayitrojeni ndi fosiforasi. Zonse zilimo m'manyowa a ziweto, koma mphamvu zake n'zosiyana. Zitosi za nkhuku n'zamphamvu kwambiri, kenako ndowe za nkhumba, ndipo za ng'ombe ndi mbuzi zimabwera pambuyo. Mlingo woyambira pa masikweya mita 100 pa sabata ndi makilogalamu 10 a ndowe za ng'ombe kapena mbuzi, kapena makilogalamu 6 a zitosi za nkhuku kapena ndowe za nkhumba. Umenewu ndi poyambira chabe. Amene adzakuuzeni zoti muwonjezere kapena muchepetse ndi madzi eni ake.

Kathiridwe kake n'kofunika kuposa mlingo. Musakhuthule wilibala yathunthu tsiku limodzi n'kuiwala mwezi wonse. Manyowa ambiri olowa nthawi imodzi amawolera pansi, ndipo tizilombo towoletsa timadya okosijeni yemweyo amene nsomba zikufuna. Gawani mlingo wa sabata m'magawo ang'onoang'ono, muzithira tsiku lililonse kapena masiku awiri alionse, cha m'ma 9 kapena 10 m'mawa dzuwa litakwera. Njira ina ndi kumanga kakhola ka nsungwi m'kona yosaya, n'kumaikamo manyowa, zotsalira za ndiwo zamasamba ndi udzu, n'kumatakasa ndi ndodo masiku angapo alionse. Ena amaika zitosi m'thumba n'kulimangirira pamtengo kuti lilendewere m'madzi; ubwino wake ndi woti madzi akabiriwira mokwanira mumangolizula.

Zitosi zosakanikirana ndi utuchi wambiri wa m'khola la nkhuku za nyama musathire mwachindunji. Utuchi umachedwa kuwola, umangodzaza pansi.

Amene ali ndi feteleza wa m'thumba, urea kapena NPK, asamuwaze ali mibulu. Mibulu imamira n'kukwiririka m'matope. Musungunuleni kaye m'ndowa, kenako muwaze madziwo padamu ponse. Yambani ndi pang'ono, magalamu 200 pa masikweya mita 100, muone mmene madzi ayankhire pakatha sabata. Urea ali ndi nayitrojeni yekha, 46 pa 100 alionse, choncho payekha sakwanira m'damu losowa fosiforasi. Mwa ine, pamtengo umene feteleza wafika, ndi bwino apite ku chimanga, damu lidye za m'khola.

Nyengo yotentha madzi amayamba kusintha pakatha masiku 5 mpaka 10. Ikani mbewu ya nsomba madzi atabiriwira kale, kuti tiana tipeze chakudya tsiku lomwe talowa. Kumbukiraninso kuti madeya amene nsomba sizinadye, pamodzi ndi ndowe za nsombazo, nazonso ndi manyowa. Nsomba zikamakula ndipo mukamawonjezera madeya, manyowa a m'khola azichepa.

Chachisanu ndi chimodzi: yezani kubiriwira

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo sipafuna ndalama.

Njira yachidule ndi mkono. Pindani malaya, lowetsani mkono m'madzi molunjika pansi, chikhatho chitapindikira m'mwamba kuti muzichiona. Chikhatho chikasowa madzi atafika cha pachigongono, zili bwino. Chikasowa madzi asanafike ndi pakati pa mkono pomwe, tizomera tachuluka. Mukamachionabe madzi atafika kuphewa, damu lili ndi njala.

Mikono imasiyana kutalika, choncho ndi bwino kupanga mbale yoyezera. Mbale imeneyi imadziwika ndi dzina la Angelo Secchi, wansembe wa ku Italy amenenso anali katswiri wa zakuthambo, amene anaigwiritsa ntchito m'nyanja ya Mediterranean mu 1865. Mpaka lero ofufuza za m'nyanja amaigwiritsabe ntchito. Tengani chivundikiro choyera cha ndowa ya pulasitiki, muchidule chikhale chozungulira, masentimita 20 kuchoka mbali ina kufika ina. Chigaweni panayi ndi mizere iwiri yopingasana, mupake penti yakuda magawo awiri oyang'anana, awiri enawo akhale oyera. Khomererani pakati pake kunsonga ya ndodo yowongoka yotalika mita imodzi ndi theka, ndipo pandodopo lembani timizere pa masentimita 5 alionse kuyambira pambale.

Yezani pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, dzuwa lili kumsana kwanu kuti kunyezimira kwa madzi kusakusokonezeni, ndipo pakhale pamalo amodzimodzi nthawi zonse, kutali ndi kakhola ka manyowa. Tsitsani mbale pang'onopang'ono. Poyamba zoyera ndi zakuda zimaoneka bwinobwino, kenako zoyera zimasanduka zobiriwira motuwa, malire ake n'kuyamba kufufutika, mpaka mbale yonse yasowa. Werengani pandodo pamene pafika madzi. Tsitsaninso pang'ono, kenako kwezani mpaka iyambe kuonekanso, muwerengenso. Phatikizani manambala awiriwo n'kugawa pawiri.

Mukapeza masentimita 30 mpaka 45, pitirizani mmene mukuchitiramo. Pakati pa 20 ndi 30 chakudya chilipo chambiri, koma chepetsani manyowa ndipo muziyang'ana nsomba m'mawa. Pansi pa 20 siyiranitu manyowa. Pakati pa 45 ndi 60 wonjezerani, ndipo kupitirira 60 ndiye kuti nsomba zikudalira madeya okha, komanso udzu wa pansi uyamba kumera. Manambalawa ali ndi tanthauzo pokhapokha chimene chikubisa mbale chili tizomera, osati dothi. N'chifukwa chake tinayamba ndi botolo lija.

Mwina mungafunse kuti, ngati tizomera ndi chakudya, kuchuluka kwake kukuipa pati? Yankho lili pa kuwala. Kuwala kokwanira kupanga chakudya kumafika pafupifupi kawiri kuya kumene mbale yasowera. Mbale ikasowa pa masentimita 40, madzi okwana masentimita 80 akugwira ntchito, pafupifupi damu lonse. Ikasowa pa 12, ndi masentimita 24 okha a pamwamba amene akuona dzuwa. Tizomera ta pamwamba tikuchita mthunzi pa tinzake ta pansi, ndipo ta pansito, pokhala mumdima, sitikupanga kanthu koma tikupuma, kudya okosijeni usana ndi usiku. Damu lobiriwira kwambiri limakhala ndi pakamwa pambiri koma manja ogwira ntchito ochepa. Ndiponso dzuwa la masana likanyanya, tizomera ta pamwamba penipeni timafooka nalo, moti chakudya chambiri chimapangidwa pansi pang'ono, osati pamwamba penipeni.

Lembani nambala ya sabata iliyonse m'kope, pamodzi ndi manyowa amene munathira ndi mmene kunja kunalili. Pakatha miyezi iwiri mudzayamba kulidziwa damu lanu kuposa mlendo aliyense wobwera ndi malangizo.

Chachisanu ndi chiwiri: pitani kudamu mbandakucha

Masana tizomera timatulutsa okosijeni wambiri kuposa amene timadya, ndipo cha m'ma 2 kapena 3 koloko madzi amakhala atadzaza. Dzuwa likalowa kupanga kumaima, koma kupuma sikuima. Tizomera, nsomba, tizilombo ndi matope a pansi, zonse zimadya okosijeni usiku wonse. Amachepa kwambiri kutatsala pang'ono kucha. Munthu amene amaona damu lake masana okha amaliona pa nthawi yake yabwino basi.

Fikani kusanayere bwino, muyende mwakachetechete, muime. Damu labwino limakhala zii, mwina nsomba imodzi kuphiriphitha apo ndi apo. Damu lovutika mumalimva musanalione: kaphokoso ka milomo yambirimbiri, tapu tapu tapu, pamwamba pa madzi. Mukayang'anitsitsa muona mitu ya makumba itatukuka, milomo ikutsekuka ndi kutsekeka pamwamba penipeni, pamene pali kampweya kochepa kolowa kuchokera kunja. Ombani m'manja. Zikathawira pansi n'kukhalako, vuto n'lochepa, ndipo dzuwa likatuluka zisiya. Zikangomira pang'ono n'kubwereranso pompo, kapena osathawa n'komwe, zafika pa mwana wakana phala.

Zikatero chitani izi mwamsanga. Tsegulani madzi atsopano alowe, ndipo ngati n'kotheka agwe kuchokera pamwamba kuti azithovoka. Tulutsani madzi ena, makamaka a pansi ngati paipi yanu imalola. Ngati madzi atsopano palibe, tungani a pamwamba ndi ndowa n'kumawaponya m'mwamba kuti agwerenso m'damu, kapena menyani pamwamba pa madzi ndi nsungwi. Koma musalowemo n'kuvundula matope, chifukwa matope ovunduka amadya okosijeni wotsalayo. Tsiku limenelo musapatse nsomba chakudya, ndipo manyowa aime mpaka mbale ibwerere pa 30. Milamba isakupusitseni: imatha kupuma mpweya wa kunja, choncho imaoneka yamphamvu pamene makumba ndi chambo zikufa.

Chachisanu ndi chitatu: tsatani nyengo

Mlingo wa manyowa umene unagwira mu Okutobala si umene ungagwire mu Julayi.

M'miyezi yozizira, Juni ndi Julayi, madzi a m'madamu a kumapiri monga ku Dedza, Ntchisi ndi Mzimba amatsika pansi pa madigiri 20. Tizomera timaswana pang'onopang'ono, manyowa amachedwa kuwola, ndipo nsomba za mtundu wa chambo, zimene zimakula bwino pakati pa madigiri 25 ndi 30, zimachepetsa kudya. Mlimi akaona madzi akuchedwa kubiriwira amawonjezera manyowa, manyowawo n'kungounjikana pansi, kudikira kutentha kwa Seputembala kuti awole onse nthawi imodzi. Nyengo yozizira chepetsani manyowa ndi madeya omwe, ndipo damu likhale lodzaza, chifukwa madzi akuya sazizira msanga usiku.

Chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ija imene imakuta mapiri a kummwera kwa masiku angapo, ndi mdani wa damu lobiriwira kwambiri. Mitambo ikaphimba, tizomera timapanga okosijeni wochepa, koma usiku timadya monga mwa masiku onse. Tsiku loyamba damu limapirira, lachiwiri limayamba usiku ndi mpweya wochepa, lachitatu m'mawa nsomba zili pamwamba. Chimodzimodzi mvula ya mvumbi ya mu Januwale ndi Febuluwale. Kukachita mitambo masiku awiri otsatizana, imitsani manyowa osadikira chizindikiro.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuli ndi msampha wina. Madzi otentha amasunga okosijeni wochepa: pa madigiri 20 lita imodzi imasunga mamiligalamu pafupifupi 9, pa madigiri 30 pafupifupi 7.5, ndipo kumalo okwera amachepanso kuposa pamenepa. Pa nthawi yomweyo chilichonse m'damu chikupuma mofulumira. Kukakhala bata, madzi amagawikana: lowani m'damu masana muone, m'ntchafu muli fuu kutentha koma kumapazi kuli zizizi. Madzi ozizira a pansiwo sasakanikirana ndi a pamwamba, ndipo okosijeni wake amatha. Ndiye ibwere mvula yoyamba yamkuntho, madzi a pamwamba azizire mwadzidzidzi n'kumira, a pansi opanda mpweya akwere. Nsomba zitha kufa usiku umodzi. Pofika nyengo imeneyi nambala ya pambale isachepere 30, ndipo ngati nsomba zakula, kololani zina kuti damu lipepukidwe.

Zomwezi zimachitika pa nyanja ya Malawi, koma kumeneko zimabweretsa phindu. Nyanjayi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo kupitirira mamita 250 kupita pansi kulibe okosijeni chaka chonse. Michere yambiri ili m'madzi akuya, kumene kuwala sikufika, pamene madzi a pamwamba pakati pa nyanja ndi oyera moti mbale ya Secchi imaoneka kupitirira mamita 10. Mwera ukamaomba kuchokera kummwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala, umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kummwera kumakwera madzi ozizira okhala ndi michere. Tizomera timachuluka, tizilombo todya tizomera timachuluka, usipa ndi utaka n'kupeza chakudya. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mbali ya kummwera, yosaya, cha ku Mangochi, imakhalira ndi nsomba zambiri. Mphepo imene imaletsa asodzi kulowa m'madzi ndi yomweyo imene imadyetsa nyanja.

Chachisanu ndi chinayi: madzi akasintha mtundu

Madzi abwino ndi obiriwira mofanana paliponse, ngati msuzi wa nkhwani, kapena obiriwira mopita kofiirira. Mitundu ina ndi uthenga.

Mukaona zokhuthala zobiriwira mopita ku buluu zitayandama, mphepo itazikankhira kukona imodzi, ndi fungo loipa, amenewo ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria. Amakonda madzi otentha, abata, okhala ndi michere yambiri, ndipo amatha kuyandama n'kuphimba tizomera tina. Ena mwa iwo, monga Microcystis, amatulutsa poizoni. Ziweto zisamwe madzi amenewo, ana asasambemo. Gulu lomweli ndi limene nthawi zambiri limapatsa nsomba fungo la matope. Engulani zoyandamazo ndi nsalu kapena ukonde wa maso ang'onoang'ono kumbali imene zaunjikana, imitsani manyowa, sinthani gawo la madzi.

Choopsa kwambiri ndi damu limene dzulo linali lobiriwira kwambiri, lero lasanduka lofiirira kapena lotuwa, mwina kuyera mwadzidzidzi. Tizomera tafa tonse nthawi imodzi. Palibenso chopanga okosijeni, ndipo mitembo yake ikuwola. Musadikire kuti nsomba zionetse. Yambani kusintha madzi tsiku lomwelo, siyani kudyetsa, ndipo masiku atatu otsatira mukhale padamu mbandakucha. Madzi akakhazikika yambaninso manyowa pang'onopang'ono. Ndowa zingapo za madzi obiriwira bwino ochokera m'damu lina lopanda matenda zimafulumizitsa kuyambiranso.

Ndere zazingwe, zoterera zija zimene zimakoledwa m'zala, zimamera pamene madzi anakhala oyera nthawi yaitali. Mukathira manyowa zilipo, ndi izo zimene zimanenepa. Zikokeni ndi ndodo kapena chingwe, muzitulutse kaye, kenako mubiriwiritse madzi kuti pansi pachite mdima. Chilunguni chimathandiza pa udzu wofewa, chifukwa icho chimadya masamba kuposa makumba.

Kwa amene ali ndi mita yoyezera okosijeni

Magulu ena a alimi, masukulu a sekondale ndi ophunzira za nsomba monga a ku Bunda kapena amene amapita kumalo ofufuzira za ulimi wa nsomba ku Domasi amatha kupeza kachipangizo koyezera okosijeni. Ndi kameneko mutha kuyeza mwachindunji kuchuluka kwa ntchito imene tizomera tikugwira, pogwiritsa ntchito njira ya mabotolo imene Gaarder ndi Gran anailongosola mu 1927 atayesera m'madzi a kufupi ndi Oslo ku Norway.

Tengani mabotolo awiri oyera ofanana. Limodzi likulungeni ndi pulasitiki wakuda kapena tepi kuti kuwala kusalowe ngakhale pang'ono. Tungani madzi pa masentimita 20 kuchokera pamwamba, yezani okosijeni wake n'kulemba. Dzazani mabotolo onse awiri mpaka kusefukira, mutseke popanda thovu lotsalira mkati, muwamangirire pandodo n'kuwabwezera pa kuya komweko kuyambira 10 koloko mpaka 2 koloko. Kenako yezani lililonse.

Tiyerekeze kuti poyamba munapeza mamiligalamu 6 pa lita, botolo loyera lapereka 9, lakuda lapereka 5. M'botolo lakuda munali kupuma kokha, ndiye 6 kuchotsa 5, madzi adya miligalamu imodzi pa maola 4. M'botolo loyera munali kupanga ndi kupuma pamodzi, ndiye 9 kuchotsa 6, phindu lotsala ndi 3. Zonse zimene tizomera tapanga ndi 9 kuchotsa 5, zomwe ndi 4. Tsopano tengani kupuma kuja: miligalamu imodzi pa maola 4 ikutanthauza mamiligalamu 3 pa usiku wa maola 12, musanawerengere nsomba ndi matope. Ngati madzulo damu likugona ndi 7, lidzuka ndi ochepera 4, ndipo chambo ndi makumba zimayamba kubwerera m'mbuyo pa kakulidwe okosijeni akamakhalitsa pansi pa 3.

Bwerezani ndi mabotolo ena pa masentimita 50 ndi pafupi ndi pansi. Pamene botolo loyera lapereka nambala yofanana ndi ya poyamba, pamenepo kupanga ndi kupuma zalingana, ndipo madzi onse a kunsi kwake akungodya. Malo amenewa akakhala pamwamba pa theka la kuya kwa damu lanu, chepetsani manyowa ngakhale nsomba zisanayambe kubwera pamwamba.